Madzi saiwala khwawa: nthaka ya m'minda yathu ikupita kuti?

MVULA ikangokata, tulukani m'nyumba mukaime pambali pa njira iliyonse yotsika phiri ku Chipata, ku Katete kapena ku Chadiza, muone mtundu wa madzi amene akuthamanga m'ngalande. Sakhala oyera ai. Amakhala ofiira ngati tiyi wothira mkaka, ndipo mukatunga ena m'botolo ndi kuwasiya usiku wonse, m'mawa mudzapeza matope atakhazikika pansi. Matope amenewo ndi munda wa munthu wina umene ukusamuka, ndipo kawiri-kawiri munthu ameneyo ndife tomwe.

Caka ndi caka timamva madandaulo amodzimodzi pa misonkhano ya makopaletivu ndi pabwalo la chalichi tikatuluka m'mapemphero. Wina akuti munda wake watopa, wina akuti fataleza wa masiku ano alibe mphamvu ngati wakale, winanso akuti m'munda mwake mwayamba kumera miyala. Abale, miyala simera. Inalimo kale pansi, koma nthaka imene inali kuiphimba ndiyo yapita. Lero tafuna kuti tikambirane za ulendo wa nthaka imeneyi, kumene imacokera, cimene cimainyamula, kumene imakathera, ndiponso cifukwa cake mlimi mmodzi payekha sangathe kuiimitsa.

Mmene nthaka imabadwira

Nthaka imacokera ku mwala. Pansi pa minda yambiri ya kumtunda kuno ku Cigawo ca Kum'mawa pali matanthwe akale kwambiri, ena mwa iwo a mtundu umene akatswiri amaucha granite. Mwala ukatenthedwa ndi dzuwa masana ndi kuzizidwa usiku, umacita timing'alu. Madzi a mvula amalowa m'timing'aluto ndi kuuvunditsa pang'ono-pang'ono, mizu ya mitengo nayo imalowa ndi kuukanula, mpaka mwala uja uyamba kufumbutuka. Amene anakumbapo citsime kapena cimbudzi cakuya anaziona izi ndi maso: pamwamba dothi lakuda, pansi pake lofiira, kenaka mwala wovunda wofumbutuka m'manja, ndipo pansi peni-peni thanthwe lolimba limene piki imadumphapo.

Koma mwala wofumbutuka pawokha sungabereke cimanga. Conde cimabwera ndi masamba, udzu, mizu yakufa ndi ndowe zimene zimaolera pamwamba, mothandizidwa ndi ciswe, nyongolotsi ndi tizilombo tina tosaoneka ndi maso. Ciswe cimatulutsa dothi losalala la pansi ndi kuliunjika pa culu, n'cifukwa cake cimanga ca m'mbali mwa culu cimasiyana ndi cinzake. Nthaka ya pamwamba imeneyi, imene m'minda yambiri siipitirira pamene khasu limafika, ndiyo imatidyetsa tonse.

Nchito yonseyi imayenda ngati birimankhwe. Bungwe la United Nations loona za cakudya ndi ulimi, la FAO, limanena kuti pangapite zaka zofika 1,000 kuti papangike nthaka yozama masentimita 2 kapena 3 cabe. Ndiye kuti dothi lokwana zala ziwiri limene khasu lathu likutembenuza lero linayamba kupangika agogo a agogo athu asanabadwe.

Phiri limodzi, nthaka zosiyana

Tiyeni tiyende pamodzi kucokera pamwamba pa phiri mpaka ku dambo. Pamwamba timapeza nthaka yopyapyala, yodzaza miyala ndi nsangalabwi, malo amene mitengo ya masuku imakonda. Tikatsika pang'ono pamene phiri layamba kugona, timafika pa katondo wofiira ndi wakuya, munda umene aliyense amaufuna wa cimanga ndi fodya. Kumunsi, tikamayandikira dambo, dothi limasanduka mcenga wotuwa. M'dambo mweni-mweni muli makande akuda, omata m'dzinja ndi ong'ambika m'cilimwe.

Amene anagawa nthaka motere ndi madzi. Pamwamba potsetsereka kwambiri, madzi amacotsa dothi pafupifupi pa liwiro lomwe limapangikira, conco silipeza mpata wokhala lakuya. Pakati, pamene malo agona, madzi amalowa pansi ndi kudutsa bwino, mpweya nawo umalowa, ndipo citsulo ca m'dothi cimacita dzimbiri. Kufiira kwa katondo ndi dzimbiri limenelo. M'munsi mwa phiri madzi amacepetsa liwiro ndi kuyamba kutula katundu wolemera, ndiwo mcenga, pamene madzi oyenda pansi pa nthaka amatsukanso dongo ndi citsulo ndi kusiya dothi lotuwa. Dongo losalala ndi zinyalala zoola, pokhala zopepuka, zimafika kutali ndi kukakhazikika m'dambo, ndipo popeza m'menemo madzi amakhalitsa, zomera zakufa siziolera msanga ndipo dothi limada.

Mu 1935 katswiri wa nthaka dzina lake Geoffrey Milne, amene anali kugwira nchito ku Tanganyika, anaona kuti ndondomeko imeneyi imabwerezeka phiri ndi phiri, ndipo anaicha catena, liu la Cilatini lotanthauza unyolo, kamba kakuti nthaka ya pamwamba ndi ya kumunsi ndi zolumikizana. Ngakhale liu lathu lakuti dambo linalowa m'mabuku a Cingelezi a akatswiri a nthaka monga momwe lilili. Makolo athu sanawerenge mabuku amenewo, koma anali kudziwa pobzala mapira, pobzala nshawa ndi poika dimba la masamba ndi nzimbe.

Ife akhristu tikamva fanizo la wofesa mbewu timaganizira za mitima yathu, ndipo ndi bwino kutero. Koma mlimi amadziwanso kuti njira, miyala, minga ndi nthaka yabwino zingapezeke m'munda umodzi, ndi kuti pamene pali nthaka yabwino lero pangadzakhale pa miyala ana athu asanakule.

Kukokoloka kwa nthaka kunalipo kuyambira kale, ndipo ndiko kunaumba zigwa ndi madambo amene timadalira. Phiri likakhala ndi mitengo ndi udzu, dothi locoka limakhala locepa kotero kuti lobadwa kucokera ku mwala limakwanitsa kulowa m'malo mwake. Bvuto lathu lero ndi lakuti locoka laculuka kwambiri, pamene lobadwa likuyendabe ngati birimankhwe.

Cimene dontho la mvula limacita

Ambiri timaganiza kuti kukokoloka kumayamba madzi akayamba kuyenda. Kumayamba pa dontho. Dontho lalikulu la mvula ya mabingu limafika pansi pa liwiro la mamita pafupifupi 9 pa sekondi, ndiko kupitirira makilomita 30 pa ola. Likagwera pa dothi losaphimbika limaswa timibulu ta dothi ndi kutiwaza uku ndi uku. Onani m'munsi mwa cipupa ca nyumba yanu kapena pa masamba a maungu mvula ikatha, mudzaona dothi limene linawazikira pamenepo. Pa malo otsetsereka, dothi lambiri lowazika limagwera ca kumunsi.

Cotsatira cake ndico coopsa. Fumbi losalala lija limatseka timabowo ta nthaka timene madzi amalowera, ndipo pamwamba pamacita kakhungu kolimba ngati nkhanambo. Madzi akasowa polowera amayamba kuyenda pamwamba.

Ku Henderson Research Station kufupi ndi Mazowe m'dziko la Zimbabwe, kumene mvula imagwa ngati kuno kwathu, katswiri wina dzina lake Norman Hudson anayesa zimenezi kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Anapatula timinda tiwiri tofanana, tonse topanda mbewu kapena udzu. Pamwamba pa kamodzi anapacika waya wa timabowo ting'ono-ting'ono wonga uja wochinga udzudzu pa mawindo. Mvula yonse inali kudutsa pa wayayo, koma madontho anali kufika pansi atasweka kale. Pa zaka 10, tikatenga avareji, kamunda kosaphimba kanali kutaya nthaka yoposa matani 120 pa hekitala pa caka, pamene kophimba ndi waya sikanali kufika ngakhale pa tani imodzi. Mvula inali yomweyo, dothi lomwelo. Mapesi, udzu ndi masamba a mbewu zathu amagwira nchito imene waya uja anali kugwira.

Madzi akayamba kuyenda, poyamba amafalikira munda wonse ngati nsalu yopyapyala, akumanyamula dothi la pamwamba mosaonekera. Kenaka amasonkhana m'tingalande tating'ono timene timafufutika tikamapalira, ndipo timadzinamiza kuti bvuto latha. Tingalande tikakumana timabala cigwembe cimene ngolo siingadutse. Malo akakhala otsetsereka kwambiri, ndiponso madzi akayenda mtunda wautali popanda cowachinga, liwiro limakula, ndipo liwiro likawirikiza kawiri mphamvu ya madziwo imawirikiza kanayi. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Pamene adutsa caka cino adzadutsanso caka camawa, ataculuka, ndipo mutu wa cigwembe umadya cokwera phiri mpaka kulowa m'munda wa amene anali kuganiza kuti ali kutali.

Tiyeni tiwerengere pa lima imodzi

Lima ndi munda wa mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa lima imodzi imathira madzi okwana malita 2,500. Conco cimvula ca mamilimita 40, cimene si cacilendo mu Disembala kapena Januwale, cimathira malita 100,000, ndiwo madiramu 500 a malita 200. Theka lokha la madzi amenewa likathawa, mwataya madiramu 250 tsiku limodzi, madzi amene cimanga canu cikanamwa pa masabata a ng'amba.

Nanga dothi? Pa lima imodzi pakacoka nthaka yozama milimita imodzi cabe, yopyapyala ngati cikhadabo, yacoka nthaka yolemera matani opitirira 3, ndiwo matumba oposa 60 a makilogalamu 50. Munthu atabwera usiku ndi ngolo kudzatapa matumba 60 a dothi m'munda mwathu, tingafike naye kwa amfumu tsiku lomwelo. Madzi amacita zomwezo masana dzuwa likuswa mtengo, ife tikuyang'ana.

Ndipo madzi amasankha. Amayamba kunyamula dongo losalala ndi zoola, zimene zimasunga cinyontho ndi cakudya ca mbewu, ndi kusiya mcenga ndi miyala. Fataleza amene tinavutikira, kaya tinagula tokha kaya ndi wa FISP, pulogalamu imene Boma linayamba mu 2002 ndi kuisintha dzina mu 2009, naye amapita nawo limodzi, maka-maka Urea amene amasungunuka msanga tikangomuwaza pamwamba. Tikamati fataleza alibe mphamvu, nthawi zina mphamvu yake yakabiriwitsa bango ku mtsinje.

Zizindikiro zilipo kwa amene afuna kuona: mizu ya mitengo ili pamtunda, timiyala takhala pamwamba pa tizipilala ta dothi, maziko a nyumba aonekera, ndipo kumtunda kwa munda dothi lofiira la pansi layamba kutuluka pamene kale panali lakuda.

Si koyamba

Cigawo cathu cinakumanapo kale ndi bvuto ili. M'nthawi ya atsamunda, malo ambiri abwino a kuno anali m'manja mwa kampani ya North Charterland, ndipo mu 1928 Boma la nthawiyo linakhazikitsa malo ochedwa Native Reserves kumene anthu anaunjikidwa. M'malo amenewo, maka-maka kwa Angoni mozungulira Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, anthu ndi ng'ombe anapanikizana kotero kuti minda inalibe mpata wopuma, mitengo inatha ndipo nthaka inakokoloka koopsa. Mu 1941 Boma linagula malo a kampaniyo ndi kuyamba kusamutsirako mabanja.

Pamodzi ndi kusamukako kunabwera malamulo okakamiza anthu kukumba migula, ija mizere ikulu-ikulu yopingasa phiri, ndipo wokana anali kulipitsidwa ku bwalo la mfumu. Nzeru ya migula inali yabwino, koma inabwera ndi cikwapu, ndipo anthu anaida pamodzi ndi eni ake. Ufulu utabwera mu 1964 ambiri anaisiya. Phunziro lake ndi lakuti nchito yosamalira nthaka imene munthu sanaimvetse amaitaya wokakamizayo akangotembenuka.

Lero kupanikizana kwabweranso mwa njira ina. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2.4 miliyoni m'Cigawo ca Kum'mawa, pamene malo sanakule. Minda yakwera m'mapiri amene makolo anali kuwasiya. Mitengo ikupita ku makala, ku mauvuni a njerwa ndi ku zigafa za fodya. Tikakolola, mapesi amadyedwa ndi ng'ombe, otsala timatentha posaka mbewa kapena pososa, kotero kuti mvula yoyamba, imene imabwera ndi ukali, imapeza dothi lili pambalambanda. Ena a ife timaunga mizere yoloza kumunsi kuti madzi atuluke msanga, osadziwa kuti khwawa lililonse pakati pa mizere talisandutsa ngalande. Kulima ndi khasu kapena pulawo pa muyezo umodzi caka ndi caka nako kumasiya dothi louma gwa pansi pa mizere, limene madzi ndi mizu zimalephera kuboola.

Wa kumtunda ndi wa kumunsi

Zimene zacoka kumtunda zimakagwera munthu wina. Mai amene ali ndi dimba m'mbali mwa dambo, limene amalipirira ana sukulu ndi tomato ndi repu, amadzuka m'mawa ndi kupeza mcenga wakwirira mabedi ake. Damu la ng'ombe limadzaza matope ndi kuphwa mu Ogasiti m'malo mofika mu Novembala. Mapaipi a pansi pa msewu amatsekeka, madzi ndi kudula msewu, ndipo galimoto yodzagula thonje siifika. Anyakwawa amaidziwa milandu ya anthu apacibale amene anasiya kupatsana moni kamba kakuti wina anapatutsira madzi a m'munda mwake kwa mnzake.

Palinso cina cimene sitimaciona msanga. Madzi amene amalowa pansi kumtunda ndiwo amayenda pang'ono-pang'ono pansi pa nthaka ndi kukatulukira ku dambo, m'zitsime ndi m'akasupe m'cilimwe. Akathamanga pamwamba tsiku limodzi, mtsinje umasefukira mu Febuluwale ndi kuuma mu Julayi, ndipo amai ndi atsikana ndiwo amayenda mtunda wautali ndi ndowa pamutu.

Dothi lina limapita kutali kwambiri. Mitsinje ngati Lupande imalitsitsira ku cigwa mpaka mu Luangwa kufupi ndi Mfuwe, ndipo Luangwa imalipereka ku Zambezi. Ndi zoona kuti matope osalala amene mitsinje imasiya ku cigwa amapanga minda yaconde, koma madzi obwera mwaukali amabweretsanso mcenga ndi cigumula kwa abale athu a kumeneko.

Cilala ca 2024 sitinaciiwale. Pa 29 Febuluwale caka cimeneco Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lagwa m'tsoka, cimanga ca pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni mwa mahekitala 2.2 miliyoni amene anabzalidwa citaonongeka. Palibe mgula umene ungagwetse mvula. Koma nthaka yakuya, yophimbika ndi yokhala ndi zoola imasunga cinyontho masiku ambiri kuposa nthaka yopyapyala ya mcenga, ndipo pa caka ca ng'amba masiku owerengeka amenewo angapulumutse mbewu. Conco kusunga dothi ndi kusunga madzi ndi nchito imodzi.

Zimene tingacite mvula isanabwere

Coyamba ndi kuyambira pamwamba. Kuchinga madzi kumunsi pamene kumtunda kuli mbee ndi kutaya mphamvu, cifukwa adzafika ataculuka kale ndi kugumula zonse. Pamwamba pa phiri ndi malo otsetsereka kwambiri pasiyidwe mitengo ndi udzu, ndipo zitsa zimene zikuphukira zisadulidwenso.

Caciwiri ndi kuphimba nthaka. Mapesi agonekedwe m'munda osatenthedwa. Mbewu zoyanga ngati maungu, khobwe ndi kalongonda zimaphimba dothi pakati pa cimanga, ndipo kubzala ndi mvula yoyamba kumathandiza kuti zimvula za Januwale zipeze munda utatseka kale.

Cacitatu ndi kupingasa mizere. Kuyeza ndi maso kumanamiza, koma cida coyezera sicifuna ndalama. Tengani mitengo iwiri yowongoka ya mamita 2, muimange pamwamba, ndi kupingasa wacitatu pakati kuti cioneke ngati lemba la A. Pansonga mangani cingwe cokhala ndi mwala kumapeto, colendewera kupitirira mtengo wopingasa. Ciimikeni pansi ndi kulemba pamene cingwe cakhudza, kenaka sinthanitsani miyendo pa malo omwewo ndi kulembanso. Pakati pa zizindikiro ziwirizo ndipo pa muyezo wanu. Poyenda naco m'munda, sunthani mwendo umodzi mpaka cingwe cifike pa muyezo, khomani cikhomo, ndi kupitiriza. Zikhomo zidzakupatsani mzere umene sukwera kapena kutsika. Pamenepo ungani mgula, ndipo mizere yonse ya mbewu iutsatire. Malo akakhala otsetsereka kwambiri, migula iyandikane.

Mgula wa dothi lokha umagumuka, conco ubzalidwe udzu wa vetiva motalikirana masentimita 10 mpaka 15. Mizu yake imalowa pansi mamita 2 kapena kuposa, ndipo sufalikira m'munda ngati udzu wina. Ukatsekana umasefa madzi, dothi ndi kutsalira kumtunda kwake, ndipo pakapita zaka munda umayamba kugona wokha ngati masitepe. M'makwawa a pakati pa mizere ikani timilambo ta dothi totalikirana mamita 2 kapena 3, tofupikirapo kuposa mizere, kuti madzi aime ndi kulowa pansi.

Ulimi wa gamphani, umene bungwe la Conservation Farming Unit linayamba kufalitsa kucokera mu 1996 pansi pa Zambia National Farmers Union, umagwira nchito yomweyi. Maenje ake amakhala a masentimita 30 m'litali, otambalala ngati khasu ndi ozama masentimita 20, otalikirana masentimita 70 mu mzere ndi 90 pakati pa mizere, ndiwo maenje pafupifupi 4,000 pa lima. Amaboola dothi louma lija la pansi, amasunga madzi, ndipo manyowa ndi fataleza zimakhala pamene pali mbewu. Amene ali ndi ng'ombe angang'ambe mizere ndi ripa ya Magoye m'malo motembenuza munda wonse. Mizere ya maenje kapena ya ripa nayo ipingase phiri.

Mitengo ina imakhala bwino ndi mbewu. Msangu umayoyola masamba m'dzinja, conco suphimba cimanga koma umacipatsa manyowa. Ku Msekera Research Station kufupi ndi Chipata, akatswiri a bungwe la ICRAF anayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kuyesa mitengo yobwezera conde monga jelejele ndi gliricidia, ndipo alimi ambiri a kuno anaiphunzira kumeneko.

Pamene cigwembe cayamba kale, yambani ndi kucepetsa madzi olowa ku mutu wake, kenaka pingasani miyala kapena zikhomo zolukidwa ndi nthambi m'kati mwake, zazifupi koma zambiri, pakati pake potsikirapo kuti madzi adutse pamwamba osaboola m'mbali. Dothi likayamba kuunjikana bzalanimo vetiva, nsungwi kapena nthoci.

Sitikunamizani kuti izi ndi zopepuka. Kukumba maenje m'dothi louma la Ogasiti kumathyola msana, udzu umavuta m'zaka zoyamba, ndipo phindu la migula silioneka caka cimodzi. Alangizi a zaulimi a m'dera lanu afunseni, ndi nchito yawo kukuthandizani kuyeza.

Nchito ya mudzi ndi ya mpingo

Mlimi angasunge mapesi ake bwino-bwino, koma ng'ombe za mnzake zikalowa kapena anyamata osaka mbewa akayatsa moto, zonse zatha. Angaunge migula, koma madzi ocokera m'munda wa kumtunda kapena m'njira ya ngolo akabwera osachingidwa, adzaigumula. Mutu umodzi susenza denga. Malamulo a moto, a kadyetsedwe ka ziweto m'cilimwe ndi a mitengo ya pa phiri ayenera kupanganidwa pa bwalo la anyakwawa, onse atamva cifukwa cake, kuti asadzafe ngati aja a atsamunda.

Mpingo uli ndi mwai umene ena alibe, cifukwa wa kumtunda ndi wa kumunsi amakhala pa benchi imodzi Lamulungu lililonse. Mu 2015 malemu Papa Francis analemba kalata ya Laudato Si' yonena za kusamalira dziko limene tonse tikhalamo, ndipo caka comweco anaika tsiku la 1 Seputembala kukhala lopempherera cilengedwe. Kwa ife kuno tsiku limenelo limagwa pa nthawi yabwino, tatha kukolola ndipo mvula ikali kutali, nthawi yeni-yeni yoyeza migula. Magulu ang'ono-ang'ono a akhristu a m'midzi angapange cida cimodzi coyezera ndi kumazungulira naco minda ya onse, kuyambira ya amasiye ndi okalamba. Nazale imodzi ya vetiva m'mbali mwa citsime ca parishi ingakwanire midzi ingapo.

Ndipo tiyambe ndi pabwalo pathu pomwe. Denga la malata la chalichi la mamita 10 m'lifupi ndi 20 m'litali limagwetsa malita 8,000, madiramu 40, pa cimvula cimodzi ca mamilimita 40, ndipo bwalo losesedwa mbee silimwa kanthu. Kodi madzi amenewo amapita m'munda wa yani? Zigwembe zina zinayambira pa denga la sukulu kapena la chalichi ndi kutsata njira imene timayendamo tokha popita ku mapemphero. Thanki, dzenje lomwetsa madzi kapena kapinga pabwalo zingateteze mnansi amene sananenepo kanthu kamba ka ulemu.

Pempho lathu ndi ili. Cimvula coyamba cikadzagwa caka cino, anyakwawa, akulu a mpingo ndi eni minda onse a phiri limodzi adzatuluke pamodzi m'mawa mwake, ayambire pamwamba ndi kutsata mapazi a madzi mpaka ku dambo. Adzaone pamene ayambira kuthamanga, pamene adula, ndi pamene atula mcenga. Aliyense atenge botolo, atunge madzi otuluka m'munsi mwa munda wake ndi kuliika pa windo. Caka camawa, migula itaungidwa ndi mapesi atagonekedwa, adzatungenso pa malo omwewo ndi kuyerekeza matope a m'mabotolo awiriwo.